Gombe la Zalala ku Mozambique: mafunso ndi mayankho kwa wofuna nyanja yopanda phokoso

Kwathu kuno munthu akati akupita kunyanja, tonse timadziwa kuti akunena Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay. Amene anapitako pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, kapena pa Khirisimasi akudziwa mmene kumakhalira: mabasi ndandanda, zimkuzamawu zinayi kulimbirana nyimbo, mchenga wosaoneka ndi mapazi. Kwa ena chisangalalo ndi chimenecho, ndipo sindikuwatsutsa. Koma alipo ena amene amangofuna kukhala phee n'kumamva madzi. Amenewo ndi amene amandifunsa za Zalala, ndipo mafunso awo ndi awa.

Kodi Zalala ali kuti?

Ndi gombe la nyanja ya mchere ya India, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, pafupifupi makilomita 30 kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Quelimane. Quelimane mwiniwake sali pagombe. Ali m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, makilomita oposa 20 kuchokera pamene mtsinjewo umathira m'nyanja, n'chifukwa chake anthu a mumzindamo akafuna mafunde amapita ku Zalala. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita osafika 500. Ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu ndi wautali kuposa pamenepo, koma ambiri a ife timakalamba tisanalaweko madzi a mchere, ngati kuti nyanjayo ili kutsidya kwa dziko.

N'zoona kuti kumeneko kulibe anthu?

Zimatengera tsiku limene mwafika. Loweruka masana ndi Lamlungu a ku Quelimane amabwera ndi magalimoto, zakumwa ndi nyimbo, ndipo pamene msewu umathera pamakhala piringupiringu. Chakumapeto kwa chaka kumachitika Festival de Zalala, chikondwerero cha nyimbo ndi magule chimene chimakoka anthu masauzande. Masiku a tchuthi nawonso muwapewe: 25 Juni, tsiku limene dzikolo linalandira ufulu mu 1975, 21 Ogasiti, tsiku la mzinda wa Quelimane, ndi 25 Sepitembala. Mufike Lachiwiri kapena Lachitatu. Ngati simungachitire mwina koma Lamlungu, yendani pansi mphindi 20 m'mbali mwa madzi. Khamu silikonda kutalikira galimoto zake, ndipo gombelo ndi lalitali moti maso amatopa asanaone kothera.

Koma mawu akuti "kulibe anthu" sindimawakonda. Anthu alipo: asodzi, amayi odikira nsomba ndi mabeseni awo, anyamata a njinga, ana. Gombe limene inu mwabwera kudzapumirapo, iwo ndi kuntchito kwawo. Bata la ku Zalala ndi longa la kumunda m'mamawa, pamene aliyense ali pa khasu lake ndipo palibe wokuwa.

Ndipo walira mvula walira matope. Mukasiya khamu mwasiyanso okala, chimbudzi, mthunzi wa malata ndi munthu woti n'kukuvuulani madzi akakutengani. Zambiri zimene ndalemba m'munsimu zikuchokera pamenepa.

Njira yake ndi iti kuchokera ku Malawi?

Kuchoka ku Limbe mumalowera ku Mulanje, kudzera ku Thyolo kapena msewu wa Midima, mpaka pachipata cha Muloza, pafupifupi makilomita 100. Mukaoloka muli ku Milange. Kuchoka apo mpaka ku Mocuba ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo ku Mocuba mumakumana ndi msewu waukulu wa N1. Mumatsetsereka nawo kummwera kudutsa Namacurra mpaka ku Nicoadala, kumene mudzaona chinanazi chitaunjikidwa m'mbali mwa msewu, kenaka mumapatukira ku Quelimane. Kuchoka ku Mocuba kukafika mumzindamo ndi makilomita ngati 150.

Nyamukani kusanache kuti mukhale oyambirira pachipata. Zigawo zina za msewu zili ndi maenje, m'matauni apolisi salekerera liwiro, ndipo usiku musayende: njinga zopanda nyali ndi anthu oyenda pansi ndi ambiri zedi. Nyengo ya mvula msewuwu si wodalirika. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unadula mlatho wa pa Mocuba, kumpoto ndi kummwera kwa dzikolo n'kukhala kosalumikizana kwa milungu ingapo. Ochokera ku Lilongwe, Mzuzu kapena Chipata agone kaye ku Blantyre kapena ku Mulanje.

Nanga ine wopanda galimoto?

N'zotheka, koma muupatse ulendowo masiku awiri. Minibasi za ku Muloza zimapezeka ku Limbe. Mukadinditsa, kabaza amakufikitsani m'tauni ya Milange. Minibasi kumeneko amaitcha chapa, ndipo za maulendo ataliatali zimanyamuka m'bandakucha zikangodzaza, choncho wofika masana nthawi zambiri amagona pa Milange. Kawirikawiri mumasintha pa Mocuba. Mukafika ku Quelimane simudzadziona mlendo kwenikweni, chifukwa ndi mzinda wa njinga: ndi wathyathyathya, ndipo makabaza ake amachuluka ngati a pa Nsanje kapena pa Salima. Chapa za ku Zalala zimanyamukira mumzinda momwemo. Funsani nthawi imene yomaliza imabwerera musanavule nsapato.

Pachipata amafuna chiyani?

Pasipoti yosatha msanga. Mmalawi safunika viza pa ulendo wocheza wosapitirira masiku 30, koma yang'anani masiku amene akulemberani pachidindo musanachoke pawindo, chifukwa kupyola tsiku limodzi lokha kuli ndi chindapusa. Kachikalata kongoolokera malire kamene amagwiritsa ntchito anthu a m'mbali mwa chipata sikangakufikitseni ku Quelimane.

Wa galimoto atenge buku la galimoto, laisensi, ndi kalata ya mwini wake ngati galimotoyo si yake. Pachipata mudzadula chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi komanso inshulansi ya kumeneko, imene amaitcha seguro. Khadi lachikasu la COMESA siligwira ntchito chifukwa Mozambique sali m'bungwelo. Mukhale ndi matirayango awiri ndi chovala chonyezimira, apolisi apamsewu amazifunsa. Amayenda kumanzere ngati kwathu.

Miyezi yabwino ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julayi kumawomba mphepo ya kummwera chakum'mawa, nthawi zina ndi kamvula kowaza. Ndi mphepo yomweyo imene ikakwera mapiri n'kufika ku Thyolo ndi ku Blantyre timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Zambézia komweko. Ine ndimakonda Ogasiti ndi Sepitembala: kumwamba kuli mbee, kutentha kusanafike poipa.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula, chinyezi chomata thupi, udzudzu ndi anamondwe. Namondwe wa Freddy, amene anagumula Soche ndi Chilobwe n'kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'dziko mwathu, anatulukira m'nyanja pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023. Gombe limene mukufuna kukapumirali ndi khomo limene chimphepocho chinalowera. Mukamacheza ndi anthu a kumeneko mudzapeza kuti chilonda chathu ndi chawo ndi chimodzi.

Ndinakulira kunyanja ndipo ndimasambira bwino. Pali chatsopano chimene mungandiuze?

Chilipo, ndipo inu ndi amene ndikukuderani nkhawa kuposa wa ku Dedza amene amaopa madzi ofika m'mawondo. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pachaka, kutsata mvula. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi, ndipo pakati pa kudzaza ndi kuphwa pamapita maola asanu ndi limodzi ndi mphindi zochepa. Mawa lake zonse zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, choncho nthawi imene munasambira bwino Lachiwiri si imene mudzasambire bwino Lachisanu. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri. M'chigawo chino cha gombe la Mozambique kusiyanako kumaposa mamita atatu, ndipo ku Beira kumafika mamita asanu ndi limodzi.

Mamita atatu angamveke ochepa, koma gombe la Zalala ndi lathyathyathya. Madzi akaphwa amathawira kutali, n'kusiya bwalo la mchenga wonyowa, wolimba moti njinga imayendapo. Munthu amakopeka, amayenda kulondola madziwo, amaika chikwama pansi, amakhala. Pobwerera madziwo sachita phokoso. Amayamba kudzaza timakwawa ta kumbuyo kwanu, ndipo mukamatembenuka mumapeza kuti pakati pa inu ndi mtunda pali mtsinje umene kunalibe. Tsiku langa loyamba ndinaona zimenezi ndi maso anga: pamene ndinaima nthawi ya kadzutsa, pofika masana panali madzi opitirira msinkhu wanga.

Choncho chinthu choyamba mukafika, musanajambule n'komwe, funsani ngati madzi akubwera kapena akupita. Pa Chipwitikizi kudzaza ndi maré cheia, kuphwa ndi maré baixa. Msodzi aliyense amadziwa, ngakhale mwana wake. Safunsa anadya phula. Yang'ananinso mzere wa zinyalala za m'nyanja, timitengo ndi zigoba umene uli pamchenga: pamenepo ndi pamene madzi anafika ulendo watha, ndipo katundu wanu akhale kumtunda kwa mzerewo. Galimoto isatsikire pamchenga. Malamulo a dzikolo amaletsa, ndipo yotitimira madzi akubwera siidikira thirakitala.

Madzi akayamba kundikokera kunyanja ndichite chiyani?

Mafunde akamaswekera kumtunda, madziwo amafuna njira yobwerera, ndipo nthawi zina amasonkhana mumkwasa umodzi wothamanga kulowera kwakuya. Choopsa chake n'chakuti pamalo pamenepo ndi pamene pamaoneka podekha, popanda thovu, ngati pabwino kusambira. Akakutengani musalimbane nawo kulunjika kumtunda, mudzatopa musanapite patali. Yandamani, pumani, kenaka sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatuluka mumkwasawo, popeza sukhala wotambalala kwambiri. Mukatero bwererani ndi mafunde. Madzi a mchere amanyamula thupi kuposa a kwathu, kuyandama n'kosavuta.

Koma langizo langa lenileni ndi lakuti pagombe lopanda wopulumutsa musapitirire madzi a m'chiuno, musalowe nokha, ndipo amene wamwa mowa akhale pamchenga.

Bwanji madzi ake si a buluu ngati a pazithunzi?

Chifukwa mitsinje ikuluikulu imathira m'chigawo chimenechi: Zambezi kummwera, Licungo kumpoto, Bons Sinais pafupi pomwepo. Imabweretsa dothi, ndipo madzi amakhala otuwa, nthawi zina ofiirira, mchenga nawo woderako. Dothi lina mwa limenelo ndi lathu lomwe, lokokoloka m'minda ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Wofuna madzi oonekera pansi ndi tinsomba tamawangamawanga apite ku Cape Maclear kapena ku Likoma, ndipo sadzanong'oneza bondo. Ku Zalala mumapitira kutambalala, mphepo ndi mkokomo umene suleka usana ndi usiku. Dothi lomwelo ndi limene limadyetsa camarão, tinyama ta m'madzi tokoma kwambiri timene tatchukitsa gombe la pakati pa Mozambique.

Muli zilombo? Nanga likodzo?

Likodzo mulibe. Nkhono zimene zimafalitsa matendawa sizikhala m'madzi a mchere. M'madambo ndi m'mitsinje ya kumtunda ndi nkhani ina.

Pewani kusambira pamathiriro a mitsinje ndi m'makwawa a matope momwe mumamera mitengo imene amaitcha mangal. Ng'ona zimapezeka m'mitsinje ya kumeneko, ndipo mtundu wina wa shaki umakonda madzi a matope ngati amenewo, moti kummwera kwa Africa kuno amautcha shaki wa Zambezi. Musalowe m'madzi chisisira kapena pamene asodzi akutumbula nsomba. Poyenda m'madzi osaya muzikhwekhwereza mapazi, kuti raia, nsomba yafulati ya mchira waminga imene imabisala mumchenga, ithawe musanaiponde. Ikakubayani viikani phazi m'madzi otentha amene mungapirire ndipo pitani kuchipatala. Tinthu tonga pulasitiki yonyowa timene mafunde amataya pamchenga musatigwire, timawawa ngati chitedze ngakhale titafa. Tikakukhudzani tsukani ndi madzi a m'nyanja omwewo, osatikita.

Chilombo chenicheni ndi udzudzu. Malungo ku Zambézia ndi ochuluka. Tengani neti yanu.

Ndingapite ndi ana?

Inde, ndipo madzi akaphwa amasiya timaiwe tosaya, tofunda, momwe mwana amasewera mpaka kuiwala njala. Koma pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, wopanda foni m'manja. Muwaveke zipewa. Khungu lakuda nalonso limapsa ndi dzuwa la pamchenga, ndipo mphepo imakunamizani kuti sikukutentha. Kwa mwana wachialubino mafuta oteteza ku dzuwa, malaya a manja aatali ndi mthunzi nthawi ya masana si zokambirana.

Tsiku lonse pamalo opanda kanthu, munthu amachita chiyani?

Funso limeneli amandifunsa kawirikawiri, ndipo ndimalimvetsa. Tinazolowera kuti kokasangalala kukhale pologalamu.

Dzukani kusanache. Gombelo layang'ana kum'mawa, ndipo popeza nthawi ndi imodzimodzi ndi ya kwathu koma malowo ali kum'mawa kwa dziko lathu, kumacha msangako: mu Okutobala 5 koloko kwayera kale. Dzuwa limatuluka m'madzi, lofiira, popanda phiri la kutsidya lolitchinga monga zimakhalira ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay. Kutsidya kwake ndi Madagascar, makilomita mazanamazana, ndipo diso silipeza pogwira. Nthawi imeneyo mchenga umakhala utasalazidwa ndi madzi a usiku, ndipo mapazi oyamba ndi a nkhanu zotuwa zimene zimathamanga chammbali n'kulowa m'maenje mukangoyandikira. Mukaima osagwedezeka zimatulukanso n'kupitiriza kukumba ngati mulibe.

Kenaka asodzi. Khoka amakoka ngati mmene amachitira ku Malombe kapena ku Msaka, magulu awiri, chingwe m'chiuno, kubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono mpaka mbali ziwirizo zitakumana. Zimatenga nthawi yaitali, ndipo kuonerera kokhako ndi theka la m'mawa. Khoka likafika pamtunda amayi amathamangira ndi mabeseni, ndipo mumaona nsomba zimene simunazionepo, zina zazitali ngati lamba, zina zonyezimira ngati ndalama.

Masana thawirani pansi pa mitengo ya casuarina imene yandandalika m'mbali mwa gombe. Imaoneka ngati paini, ndipo mphepo ikamadutsa m'timasamba take tonga singano imalira mluzu wapansipansi. Yalani chitenje, gonani. Ola loyamba mutu umakhala ukadali ku Limbe: ngongole, fizi, foni imene simunayankhe. Ola lachiwiri mumapeza kuti mwakhala mukuwerenga mafunde osadziwa. Sipikala muisiye kunyumba, ndikupemphani. Munthu amene wayenda makilomita 500 kuthawa phokoso asakhale iye wolibweretsa.

Madzulo dzuwa limalowa kumbuyo kwanu, kumitengo, ndipo mdima umagwa msanga. Mu Juni 6 koloko isanakwane kwada. Mukhale mutabwerera kufupi ndi anthu nthawi imeneyo isanafike.

Asodziwo ndingawajambule? Ndingagule nsomba kwa iwo?

Perekani moni kaye. Kwa eni kulibe mkuwe. Bom dia m'mawa, boa tarde masana, kenaka muonetse foni n'kufunsa. Ambiri amavomera, ena amakana, ena amapempha kangachepe, ndipo onsewo ali ndi ufulu. Tangoganizani mlendo atafika pamunda panu n'kuyamba kukujambulani mukupalira osanena kanthu. Ana musawajambule popanda kholo. Musadumphe zingwe za khoka kapena kukhala pabwato la eni. Amayi, chitenje chimene kumeneko amachitcha capulana chikhale pafupi, kuti mukamadutsa pamene anthu akugwira ntchito mudzimangire.

Kugula n'kololedwa, ndipo nsomba ya pompopompo simungaiyerekeze ndi ya mufiriji. Nenererani mtengo mwaulemu, koma osafinya munthu amene wakoka chingwe kuyambira usiku chifukwa cha ndalama imene kwa inu ndi ya botolo limodzi la zakumwa. Dziwaninso kuti boma limatseka usodzi wa camarão kwa miyezi ingapo nyengo ya mvula kuti ziswane, monga timatsekera nyanja yathu chifukwa cha chambo. Nthawi imeneyo amaitcha veda. Wina akakutsatsani mobisa, kanani.

Kudya nanga?

Apa Zambézia ndi katswiri, ndipo chinsinsi chake ndi kokonati. Nkhuku yootcha imene amaitcha galinha à Zambeziana amainyika mumkaka wa kokonati ndi adyo ndi mandimu, n'kumaidzoza pamakala mpaka itapsa. Yatchuka m'dziko lonselo. Imayenda ndi mucapata, phala lolimba la mpunga, mphodza ndi kokonati. Matapa ndi chigwada chosinja chophikira nsinjiro ndi kokonati, nthawi zina muli nkhanu. Nsima iliko, amaitcha xima. Ludzu likakugwirani gulani lanho, kokonati wamuwisi amene amakudulirani pomwepo ndi chikwanje. Uchema wa kumeneko ndi sura.

Pakati pa sabata timalo todyera ta pagombe tina timakhala totseka, ndipo totsegulato timaphika mukaitanitsa. Itanitsani musanamve njala. Madzi akumwa mugule a m'botolo ku Quelimane okwanira tsiku lonse. Kolera anavuta kwambiri mumzindawu Freddy atadutsa, ndipo ife a ku Malawi matenda amenewo tikuwadziwa bwino. Mabotolo ndi majumbo anu mubwerere nawo, kulibe wotola.

Kogona kuliko?

Kuliko koma n'kochepa, choncho imbani foni musananyamuke. Ambiri amagona ku Quelimane, kumene kuli mahotela ndi nyumba za alendo za mitengo yosiyanasiyana, n'kumapita kugombe m'mawa. Kuipa kwake n'kwakuti mumaphonya kutuluka kwa dzuwa. Ngati thumba likulola, gonani ku Zalala usiku umodzi. Kumanga tenti panokha pamalo opanda mlonda musayese.

Ndalama ndi foni?

Ndalama yawo ndi metical. Kwacha imathera pa Milange. Makina otapira ndalama ali ku Mocuba ndi ku Quelimane, kugombe muzipita ndi ndalama m'manja, zing'onozing'ono, popeza chenji chimavuta. Osintha ndalama a pachipata muziwerenga nawo kawiri musanapereke zanu. Makampani a foni ndi Vodacom, Movitel ndi Tmcel, ndipo kugula simu kumafuna pasipoti. Masoketi awo ndi a mabowo ozungulira, pulagi yathu ya mano atatu siilowa, tengani adaputala.

Chipwitikizi sindichidziwa. Ndikamvana nawo bwanji?

Ku Milange Chichewa chimayenda bwinobwino. Mukamatsikira ku Mocuba mumamva Chilomwe, ndipo wa ku Phalombe, Mulanje kapena Thyolo amene anasunga chilankhulo cha agogo ake adzadabwa mmene chikumuthandizira, popeza makolo a Alomwe ambiri a kwathu anachokera mbali yomweyo. Ku Quelimane ndi ku Zalala amalankhula Chichuwabo. Chingerezi musachidalire. Koma musadabwe bambo wachikulire akakuyankhani m'Chichewa: nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la pa 4 Okutobala 1992, Malawi anasunga anthu othawa kwawo ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri a ku Zambézia anakulira kapena kuphunzira sukulu kwathu.

Mawu ochepa awa akukwanirani poyambira: obrigado, kapena obrigada ngati ndinu mayi, ndiye zikomo. Quanto custa ndiye "ndalama zingati". Praia ndi gombe, peixe ndi nsomba, água ndi madzi.

Panjira ndinamva kuti pali mitengo ya kokonati yopanda mitu. Inatani?

Msewu wochoka ku Quelimane kupita ku Zalala umadutsa m'minda ya kokonati imene kale inali m'gulu la minda yaikulu kwambiri padziko lonse, ina ya makampani a nthawi ya atsamunda monga Madal ndi Boror, ina ya mabanja wamba. Kenaka kunabwera matenda amene amachititsa masamba chikasu, zipatso n'kuyoyoka, mutu wonse n'kugwa, kutsala thunthu lili njo ngati mzati wa magetsi. Anapha mitengo yosawerengeka. Kwa banja la kumeneko kokonati anali ndiwo, mafuta, denga, chakumwa ndi fizi ya mwana, choncho mizati imeneyo ndi chuma chimene chinatha anthu akuona. Pali ntchito yobzala mbewu zopirira, ndipo mudzaona timitengo tatsopano pakati pa zitsa.

Ku Quelimane kuli choti n'kuimira, kapena ndingodutsa?

Imani, tsiku limodzi. Mzindawu uli m'mbiri yathu kuposa mmene anatiphunzitsira. Vasco da Gama anaima pamtsinjewu mu 1498 n'kuutcha Bons Sinais, kutanthauza zizindikiro zabwino, poona kuti wayandikira njira ya amalonda a ku India. David Livingstone anathera pano ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda, mu Meyi 1856. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, itayamba mu 1878 katundu wake ankalowera pa Quelimane, kukwera mtsinje wa Kwakwa, kunyamulidwa pamutu mpaka ku Zambezi, kenaka kukwera Shire. Njirayo inasintha atapeza khomo la Chinde mu 1889.

Koma zisanachitike zimenezo, njira yomweyo inkayenda chotsika. Quelimane linali doko la akapolo, ndipo m'zaka za m'ma 1800 zombo zinkanyamula anthu masauzande kupita nawo ku Brazil ndi kwina, ena mwa iwo ogwidwa m'zigwa za Zambezi ndi Shire. Pitani m'mbali mwa mtsinje pafupi ndi tchalitchi chakale cha Akatolika chimene chinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, muime pang'ono. Alipo a mtundu wathu amene nyanja ya mchere anaionera pamenepo koyamba, ali m'magoli.

Chitetezo chili bwanji?

Nkhondo ya zigawenga imene inayamba mu 2017 ili ku Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni, kutali ndi Zalala. Koma zisankho za pa 9 Okutobala 2024 zitachitika kunabuka zipolowe m'madera ambiri, misewu inatsekedwa, ndipo anthu masauzande a ku Zambézia anathawira ku Nsanje. Mverani nkhani sabata imene mukunyamuka, ndipo funsani madalaivala a pa Muloza, amene amadziwa za msewu tsiku ndi tsiku. Pasipoti muziyenda nayo, apolisi amaifunsa. Pagombe foni ndi chikwama zisatsale zokha mukalowa m'madzi, ndipo wina kumene mukugona adziwe mbali imene mwalowera ndi nthawi imene mubwerere.

Agogo andituma madzi a m'nyanja ya mchere. Nditenge?

Tengani. Ndi ochepa amene amabwerako osatumidwa botolo, kaya ndi la kuchotsa minyama, kaya la kuwaza pakhomo, kaya agogo angofuna kulawa ndi nsonga ya lilime kuti atsimikize zimene anamva. Chimene ndikupempha n'chakuti asamwe ngati mankhwala, asamwetse mwana, ndipo asachite nawo zotsuka m'mimba. Lita imodzi ili ndi mchere pafupifupi magalamu 35, wokwanira kuvulaza impso ndi kukweza BP ya munthu wachikulire. Tungani madzi akamadzaza, kutali ndi potumbulira nsomba. Tsekani kwambiri n'kukulunga m'jumbo, chifukwa akadontha m'buti chitsulo chimachita dzimbiri. Pansi pa botolo pakhale kamchenga pang'ono, agogo amayamba kuyang'ana kameneko.